MGB ikazima pamzere wa ku Goodwood: kupeza chavuta injini ikatentha

Chaka chilichonse mu September misewu yozungulira Chichester, ku West Sussex, imadzaza ndi magalimoto akale opita ku Goodwood Revival, chikondwerero chimene chinayamba mu 1998 pabwalo limene linkachititsa mipikisano kuyambira 1948 mpaka 1966. Chaka chilichonsenso m'mbali mwa msewu wa A27 mumapezeka magalimoto ataima boneti ili yasa, eni ake ataweramira mu injini. Ku Le Mans Classic ku France ndi ku Simola Hillclimb ku Knysna, South Africa, nkhani ndi yomweyi. Galimoto yagona m'galaja miyezi ingapo, yathamanga bwinobwino ulendo wautali, kenako yaima pamzere kwa theka la ola mphepo isakulowa kutsogolo. Kutentha kukaunjikana pansi pa boneti, chilichonse chimene chinali chofooka chimagonja nthawi yomweyo.

Miyeso ili m'munsimu ndi ya MGB, galimoto imene inkapangidwa ku Abingdon, ku England, kuyambira 1962 mpaka 1980 ndipo inatuluka yoposa 500,000. Ili ndi injini ya B-series ya 1798cc, makabureta awiri a mtundu wa SU (HS4 kapena HIF4) ndi disitibyuta ya Lucas (25D kapena 45D), imene imagawira mapulagi moto. Njira zofufuzira zimagwiranso pa MG Midget ndi Austin-Healey 3000, koma manambala ake muone m'buku la galimotoyo.

Pa injini imeneyi makabureta ndi mapaipi a ekizozi ali mbali imodzi, kumanzere mukakhala pampando woyendetsera, ndipo makabureta akhala pamwamba penipeni pa chitsulo chotentha. Ndiye anthu amafulumira kuloza chala kabureta. Komatu nthawi zambiri wolakwa ali kumanja, kumene kuli disitibyuta ndi koyilo. Nati yosinthira petulo pansi pa kabureta siyenda yokha. Ngati galimoto inanyamuka kunyumba ikulira bwino, musaikhudze natiyo mpaka mutatsimikiza kuti moto wa ku mapulagi ulipo.

## Zoyamba kuona galimoto ikangozima

Zinthu zitatu izi sizifuna sipanala, ndipo zimakuuzani mbali yoyambira.

- Muvi wa rev counter, mita yoonetsa liwiro la kuzungulira kwa injini. Ukagwa mwadzidzidzi kufika pa ziro injini ikadazungulira, moto waduka ku mapointi (tizitsulo tiwiri totsegula ndi kutseka magetsi m'disitibyuta), kondensa (kachipangizo koteteza mapointiwo), koyilo kapena switchi. Ukamatsika pang'onopang'ono limodzi ndi injini, ganizirani petulo, rota (kamkono kozungulira m'disitibyuta) kapena chivundikiro cha disitibyuta. Izi ndi za magalimoto okhala ndi rev counter yamagetsi; oyambirira enieni anali ndi yoyendera chingwe.
- Pampu ya petulo. Tembenuzani kiyi osaliza injini, mumvetsere kumbuyo kwa mpando wakumanja. Pampu yabwino imati *tha-tha-tha* kenako n'kukhala chete. Ikangoti zii kuyambira pachiyambi, mwina yafa kapena makabureta ndi odzaza kale. Ikamagogoda mothamanga osaleka, ikukoka mpweya kapena petulo akutayikira penapake.
- Fungo. Mukamva petulo, zimitsani kiyi. Musayese moto.

## Chizindikiro 1: Yazima itatentha, ikazizira mphindi 15 kapena 20 ikulira

Ili ndiye vuto limene limabwerezabwereza kwambiri, ndipo limasokoneza chifukwa makaniko akamafika galimoto imakhala itachira yokha. Yesani ikadali yotentha.

Rota. Marota ambiri opangidwa masiku ano, akuda aja okhala ndi kamsomali komangira mkuwa, amayamba kudutsitsa moto akatentha. Moto m'malo mopita ku mapulagi umaboola pulasitiki n'kutsikira mu shafiti ya disitibyuta. Kunja rota imaoneka yabwinobwino. Kuti muigwire, chotsani chivundikiro cha disitibyuta, zulani waya wonenepa wochokera ku koyilo, mugwire ndi pulayazi yokutidwa bwino, nsonga yake ikhale mamilimita 3 pamwamba pa mkuwa wa rota, wina alize sitata. Moto ukalumphira pa rota, rotayo yafa, chifukwa yabwino ilibe njira yopititsira moto pansi. Ikani ina yopanda kamsomali. Marota ofiira ndiwo amadalirika.

Kondensa ndi mapointi. Kondensa yofooka imaotcha mapointi. Mukawatsegula ndi chala muona nkhope zake zachita mabowo kapena zabiriwira. Onaninso mpata wake pamene kachidendene ka mapointi kali pansonga ya cam, chotupa cha pa shafiti chimene chimawatsegula: uyenera kukhala pakati pa mamilimita 0.35 ndi 0.40. Kachidendene kapulasitiki kamaperepeseka msanga pa mapointi atsopano, makamaka ngati pa cam sanapakepo girizi pang'ono, ndipo mpata ukatsekeka injini imataya mphamvu kenako n'kuzima. Amene ali ndi mita ya dwell, yoyeza madigiri amene mapointi amakhala otsekeka, apeze madigiri pafupifupi 60 pa disitibyuta ya 25D ndi 51 pa 45D. M'kati mwa 25D mulinso kawaya kofewa ka earth kolumikiza mbale yoyenda ndi thupi la disitibyuta. Kamaduka m'kati mwa nsalu yake osaonekera. Kakokeni pang'ono: kakatamuka, kaduka.

Kondensa yakale imene ikugwira ntchito musaitaye chabe chifukwa mwagula yatsopano. Zambiri zatsopano n'zosalimba kuyerekeza ndi zakale.

Koyilo yosayenera. Magalimoto a mabampa achitsulo amafuna koyilo ya ma ohm pafupifupi 3. A mabampa arabala, kuyambira cha m'ma 1975, ali ndi waya wa ballast wochepetsa magetsi, ndipo koyilo yake ndi ya ma ohm pafupifupi 1.5. Mukaika ya 1.5 pagalimoto yopanda ballast, imatentha moti simungaigwire ndipo imapsereza mapointi. Mukaika ya 3 pagalimoto ya ballast, moto umakhala wofooka. Zulani mawaya ang'onoang'ono awiri aja, yesani ndi multimeter. Kumbukiraninso kuti MGB zopangidwa chisanafike chakumapeto kwa 1967 zinali za positive earth (mbali ya + ya batire yolumikizidwa ku thupi la galimoto), ndipo zambiri zinasinthidwa pambuyo pake mawaya a pa koyilo osatembenuzidwa, choncho onani ngati ali m'malo oyenera.

Petulo kuwira m'makabureta. Apa moto umakhalapo, wabuluu, wolumpha mamilimita 6 bwinobwino, koma injini ikukana kapena ikulira modukiza. Galimoto ikaima, petulo amakhalitsa m'timbiya ta kabureta pamwamba pa ekizozi mpaka kuyamba kuwira. Tsegulani boneti, ikani nsalu yonyowa pa timbiyato kwa mphindi zochepa, ponderani accelerator mpaka pansi osapopa, muilize. Ikalira, chotsatira n'kuona chitsulo chotchinga kutentha chimene chili pakati pa makabureta ndi ekizozi. Kumbuyo kwake kumayenera kukhala zophimba ziwiri, ndipo pamagalimoto ambiri zinagwa kalekale. Zophimba zoyambirira zinali za asbestos: musazipale, musazipukute ndi bulashi, musaziuzire mpweya. Zinyowetseni, chotsani chitsulo chonse, muike chatsopano. Onaninso kuti paipi ya petulo sinagone pa injini.

Pampu ya SU. Ili ndi mapointi akeake m'kati, amene amachita dzimbiri galimoto ikakhalitsa. Kuigogoda ndi chogwirira cha screwdriver kumaidzutsa, ndipo mukhoza kufika kumene mukupita, koma pampu imene yafuna kugogodwa kamodzi idzafunanso. Sinthani mapointi ake kapena ikani ya mtundu wa electronic yogwirizana ndi earth ya galimoto yanu.

Madzi odontha pa disitibyuta. Valavu ya heater pa MGB ili pamwamba penipeni pa disitibyuta. Ikayamba kudontha, madontho ake amagwera pachivundikiro. Mukaona mzere woyera kapena wobiriwira pachivundikiropo, mwapeza gwero. Pukutani m'kati ndi kunja, tsekani heater, ndipo valavuyo isinthidwe.

Ngati m'disitibyuta munaikidwa electronic ignition m'malo mwa mapointi, musayese moto mosiya waya ukulendewera patali, chifukwa mukhoza kupha kabokosi kake. Gwiritsani ntchito pulagi yapadera yogunditsa pa injini.

## Chizindikiro 2: Ikukoka bwino, kenako ikufooka pachitunda kapena paliwiro

Mukachotsa phazi kwa kanthawi imabwerera. Uku ndi kuperewera kwa petulo: timbiya tikutha msanga kuposa mmene pampu ikudzazira. Pamsewu wamba vutoli limabisala, koma limaonekera pamene mwaponda mpaka pansi kwa nthawi yaitali, monga pa makilomita 1.9 okwera phiri la Simola.

Yambani ndi kuyeza. Injini itazizira, zulani paipi yolowa ku makabureta, ilozetseni m'botolo, tembenuzani kiyi. M'mphindi imodzi mutuluke petulo wosachepera theka la lita, wopanda thovu. Pampu yathanzi imaposa pamenepo. Akaperewera, tsatani izi:

1. Fyuluta yatsekeka ndi dzimbiri la m'thanki. Fumbi lofiirira pansi pa timbiya ta kabureta ndi umboni. Kusintha fyuluta kumathandiza kwa masiku ochepa. Thanki yadzimbiri imafuna kutsukidwa kapena kusinthidwa.
2. Pampu yatopa, kapena magetsi sakufika okwanira. Yesani pa pampu pomwepo, ndipo yeretsani waya wake wa earth.
3. Chitsekero cha thanki sichikupuma. Galimoto ikangofooka, imani mutsegule chitsekerocho. Mukamva mpweya ukulowa kuti *fuu*, kabowo kake katsekeka.
4. Paipi yarabala yafufuma m'kati ngakhale kunja ikuoneka bwino.
5. Singano yotsegula ndi kutseka petulo m'kambiya kamodzi yakakamira. Apa masilinda awiri okha ndiwo amafa: kabureta yakutsogolo imadyetsa 1 ndi 2, yakumbuyo 3 ndi 4.

Petulo akapezeka wokwanira, bwererani ku moto. Pulagi yotha kapena waya wong'aluka umalephera pamene injini ikulemedwa.

## Chizindikiro 3: Muvi wa kutentha ukukwera

Funso loyamba ndi lakuti ukukwera liti. Ukamakwera pamzere n'kutsika mukayamba kuyenda, vuto ndi mphepo. Ukamakwera mukuthamanga, vuto ndi kayendedwe ka madzi kapena timing, nthawi imene moto umafika ku mapulagi.

Muli pamzere, tsegulani heater mpaka kumapeto ndi fani yake, ndipo kwezani injini pang'ono kufika cha pa 1,500 rpm kuti fani ndi pampu ya madzi zizungulire msanga. Muvi ukafika pofiira, patukani muzime. Chitsekero cha rediyeta musachitsegule mpaka paipi yapamwamba itafewa ndipo mukutha kuigwira ndi dzanja.

- Madzi achepa. Funani kumene akuthawira: makilipi a mapaipi, valavu ya heater, kabowo ka pansi pa pampu ya madzi, ndi ma core plug, zitsekero zachitsulo za m'mbali mwa injini.
- Lamba wa fani wakhwepa. Mukamukanikiza ndi chala pakati pa mbali yaitali, alowe mamilimita pafupifupi 13. Pamagalimoto omalizira okhala ndi fani yamagetsi, onani fyuzi ndi switchi ya pa rediyeta.
- Rediyeta yatsekeka m'kati. Injini itatentha ndi kuzimitsidwa, yendetsani dzanja pafupi ndi nkhope yake. Malo ozizira pakati pa otentha ndi timapaipi totsekeka. Kutsuka ndi paipi ya madzi sikuchotsa zokakamira za zaka makumi anayi. Ipite kwa okonza marediyeta akaike core yatsopano. Matope enanso amaunjikana m'munsi mwa injini chakumbuyo, ndipo mukatsegula potulutsira madzi pambali pa injini osatuluka kanthu, ndi matopewo.
- Timing yachedwa kapena petulo wachepa mu msakanizo wa mpweya ndi petulo. Zonse ziwiri zimaotcha injini. Yamwani kapaipi ka vacuum muone ngati mbale ya m'disitibyuta ikuyenda. Gwirani rota muipotoze pang'ono: iyenera kubwerera yokha. Ikakhala gwa, zitsulo za advance, zofulumizitsa moto injini ikamathamanga, zagwirana ndi dzimbiri.
- Thermostat. Yamasiku onse imatsegula pa madigiri 82. Ilipo ya 74 ya kumadera otentha. Iyeseni mu mphika wa madzi pamoto. Kuichotseratu si mankhwala: injini imachedwa kufika pakutentha koyenera ndipo madzi sayenda mofanana m'mutu wonse.
- Chitsekero cha rediyeta. MGB zoyambirira zinali ndi cha 7 psi, zapambuyo 10 ndi kuposa. Cha 7 psi chimakweza powirira madzi ndi madigiri pafupifupi 11. Ku Johannesburg, kumene madzi amawira cha pa madigiri 94 chifukwa cha kukwera kwa malo, chitsekero chotha rabala chimataya madzi msanga kwambiri. Onaninso kutalika kwa khosi lake, chifukwa chachifupi pa rediyeta ya khosi lalitali sichitseka n'komwe.

Thovu losaleka m'rediyeta, oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, kapena utsi woyera wonunkhira motsekemera ndi zizindikiro za gasiketi ya mutu kapena mutu wong'aluka. Mitu ya B-series imakonda kung'aluka pakati pa silinda 2 ndi 3, pamene mavalavu awiri a ekizozi ayandikana. Apa ulendo wathera pomwepo.

## Chizindikiro 4: Fungo la petulo kapena petulo akudontha pansi pa makabureta

Zimitsani kiyi nthawi yomweyo, chifukwa pampu yamagetsi imapitiriza kupopa ngakhale injini yazima, ndipo pansi pake pali ekizozi yotentha.

Kawirikawiri kachitsotso kakhala pa singano ya m'kambiya ndipo yalephera kutseka. Pa kabureta ya HS4, imene kambiya kake kali pambali, masulani tizomangira titatu, tulutsani chivundikiro, tsukani singano ndi mpando wake. Ikakhala ndi mzere wodyeka kunsonga, isintheni. Pa HIF4 kambiya kali pansi, ndipo kabureta iyenera kutsika pagalimoto. Si ntchito ya m'mbali mwa msewu.

Chachiwiri ndi float, choyandama cha m'kambiya, ikakhala yobooka. Igwedezeni pafupi ndi khutu, mukamva petulo m'kati yatha ntchito. Chachitatu ndi pampu yamakono yamphamvu mopitirira: makabureta a SU amafuna pakati pa 1.5 ndi 3 psi basi, ndipo yoposa apo imakankha singano. Ikani regulator kapena pampu yoyenera.

Chachinayi ndi mapaipi. Kuyambira September 2021 petulo wamba ku Great Britain ndi E10, wokhala ndi ethanol mpaka 10 pa 100 alionse. Ethanol amadya rabala yakale, amakoka chinyezi galimoto ikakhalitsa, ndipo amachepetsako petulo mu msakanizo. Wa super, amene ndi E5, akadalipo pamafilingisteshoni ambiri ndipo ndiye woyenera magalimotowa. Ku Malawi petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, choncho galimoto yakale yobwera kumeneko imafuna chisamaliro chomwechi. Pindani paipi iliyonse ndi zala: ikaonetsa ming'alu, sinthani zonse, kuphatikizapo zobisika za pafupi ndi pampu, ndi paipi yolembedwa SAE J30 R9 yochokera kwa wogulitsa wodalirika.

## Chizindikiro 5: Ikulira mosakhazikika, ikutsokomolera ku kabureta, kapena ikutulutsa utsi wakuda

Apa ndiye pofika ku makabureta, koma motsata ndondomeko: mavalavu, mapointi, timing, makabureta pomalizira. Mukayamba ndi makabureta mudzangobisa vuto lina. Mpata wa mavalavu pa injini zoyambirira ndi mamilimita 0.38 itazizira. Valavu ya ekizozi imene mpata wake ukumka nutsekeka pa sevisi iliyonse ikumira mu mpando wake, zimene zimachitika pa mitu yakale yopanda mipando yolimba chichokereni petulo wa lead. Mapulagi a Champion N9Y akhale ndi mpata wa mamilimita 0.64, ndipo mawaya atsate 1-3-4-2.

1. Oyilo wa m'dashpot, chivundikiro cha pamwamba pa kabureta, watha. Injini imatsokomola mukangoponda. Masulani chitsekero cha pamwamba pa kabureta, thirani oyilo wa injini kufika chakumapeto kwa kapaipi ka pakati. Pobwezera muzimva kulimba pang'ono.
2. Pisitoni ya kabureta ikukakamira. Chotsani fyuluta ya mpweya, kwezani pisitoni ndi chala, muisiye. Itsike bwino n'kugunda pansi kuti *kha*. Tsukani ndi petulo ndi nsalu yokha. Sandpaper imaononga kabureta kotheratu, ndipo zivundikiro za makabureta awiriwo musazisinthanitse.
3. Mpweya ukulowa pobisika. Gwedezani shafiti ya throttle. Ikamasewera, mpweya ukulowera pamenepo ndipo palibe kusintha kumene kungakhazikitse injini. Onaninso gasiketi ya manifold ndi mapaipi a breather.
4. Choke sinabwerere. Pa HS4 kankhirani jet, kapaipi kotulutsa petulo ka pansi pa kabureta, m'mwamba ndi chala. Ikakwera kuti *thi*, inakakamira pansi, ndipo utsi wakuda ukuchokera pamenepo.
5. Msakanizo. Injini itatentha, kwezani pisitoni ndi kapini ka pambali mamilimita osakwana 1. Liwiro likakwera pang'ono n'kubwerera, zili bwino. Likakwera n'kukhala pomwepo, petulo wachuluka. Likatsika, wachepa. Pa HS4 tembenuzani nati yosinthira petulo ija mbali imodzi yokha mwa mbali zake zisanu ndi imodzi nthawi iliyonse, makabureta onse mofanana, ndipo muziwerenga. Mukasokonezeka, kwezani jet ifanane ndi bridge, kamtunda ka m'kati mwa kabureta pamene jet imatulukira, muitsitse maulendo awiri athunthu, muyambirenso.

Kukwera kwa malo kumasintha zonsezi. Galimoto yokonzedwera ku Johannesburg, pamtunda wa mamita oposa 1,700, ikatsikira ku Knysna m'mphepete mwa nyanja imapeza mpweya wochuluka: msakanizo umachepa petulo, ndipo timing imene inali bwino kumtunda imayamba kuliritsa injini ngati timiyala m'chitini. Kulira kumeneko kumaboola pisitoni. Bwezani timing pang'ono ndipo yesaninso msakanizo musanakwere phiri.

## Chizindikiro 6: Mabuleki afewa, kapena tayala likugogoda

Pedulo ikamira mutazungulira bwalo kangapo, kenako n'kubwerera itazizira, brake fluid wawira. DOT 4 watsopano amapirira madigiri 230, koma akamwa chinyezi amatsika kufika cha pa 155. Msintheni zaka ziwiri zilizonse, ndiponso musanalowe m'bwalo. Pedulo ikakhala yolimba koma galimoto osaima, mapadi ndiwo apsa. Ikamamira pang'onopang'ono mutaiponda chiimire, master cylinder ikudutsitsa. MGB zambiri zakale zili ndi mzere umodzi wokha wa mabuleki, kotero pakadontha pamodzi mawilo onse anayi amataya mabuleki.

Pa mawilo a masipoko, kugogoda kumbuyo ponyamuka ndi pomanga mabuleki kumatanthauza kuti spinner, nati yaikulu yomangira wilo pakati, yakhwepa kapena mano a hub adyeka. Za kumanja ndi za kumanzere zimamasukira kosiyana, ndipo muvi wake unalembedwa pa spinner pomwepo. Mano abwino amakhala ndi nsonga yafulati. Akasongoka ngati mpeni atha. Matayala muwaonenso zaka: manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo DOT pambali pa tayala ndi sabata ndi chaka chimene linapangidwa, ndipo okhala ndi manambala atatu okha anapangidwa 2000 isanafike.

## Zoyenera kukhala m'buti

Rota, kondensa ndi mapointi zimene munaziyesapo kale pagalimoto yanu, pulagi imodzi, lamba wa fani, paipi ya petulo ya mita imodzi ndi makilipi, feeler gauge, multimeter, masipanala a AF, a mainchesi, pakuti a mamilimita sagwira bwino, malita awiri a madzi, ndi chozimitsira moto chimene mungachifikire muli pampando.

## Pamene muyenera kuleka n'kuitana katswiri

- Mphamvu ya oyilo ikatsika pansi pa 10 psi injini ikulira chiimire itatentha, kapena ikalephera kufika cha pa 50 psi mukuyenda. Kugogoda kolemera pansi pa injini kukaphatikizapo, zimitsani pomwepo.
- Zizindikiro zilizonse za gasiketi ya mutu, kapena compression ya silinda imodzi ikasiyana ndi anzake kuposa 10 pa 100.
- Petulo akamadontha pathanki, papaipi yachitsulo kapena pa HIF4.
- Waya ukatentha kapena kununkha. Mawaya abulauni pa MGB amachokera ku batire opanda fyuzi, choncho zulani batire kaye. Chingwe cha choke kapena cha accelerator chikatentha poliza sitata, lamba wa earth wa injini waduka ndipo magetsi a sitata akudutsa m'chingwemo.
- Pedulo ya mabuleki yomira, mano a hub odyeka, kapena masipoko oduka angapo pawilo limodzi. Galimoto yotere ikwezedwe pa lole, isakokedwe ndi chingwe.
- Shafiti ya disitibyuta kapena ya throttle ikamasewera. Zimafuna ma bush atsopano oikidwa ndi makina.
- Injini yosinthidwa cam kapena compression kuti ipikisane. Singano za kabureta ndi advance yake zimasankhidwa pa rolling road, makina oyendetsera galimoto chiimire, injini ikukoka katundu weniweni ndipo mita ikuwerenga utsi wake.